Mukafika ku Brighton, nyumba muziione kumaso kenaka muzungulire kuseri

Sitima yochokera ku London Victoria ikakutsitsani pa siteshoni ya Brighton, patatha pafupifupi ola limodzi, khamu lonse limatsetsereka ndi Queen's Road kuthamangira kunyanja. Inu musalitsatire. Nyanja sithawa. Tauni iyi inayamba ngati mudzi wa asodzi wokhala ndi tchalitchi paphiri, kenaka inatambasukira kum'mawa ndi kumadzulo motsata gombe. Mukaiyenda motsatira mmene inakulira, nyumba zake zimamveka bwino. Mukangogwera pakati, mudzaona nyumba zoyera zambirimbiri zofanana, mujambule zithunzi, mubwerere osadziwa chimene mwaona.

Ine ntchito yanga ndi yopenta ndi kukonza pulasitala m'nyumba zakale za kuno, makamaka za ku Hove, tauni yolumikizana ndi Brighton chakumadzulo, ndiye zambiri ndazidziwira pamakwerero. Abale akabwera, kaya ndi ophunzira a ku University of Sussex ku Falmer, kaya ndi anamwino a ku London amene apezako tsiku lopuma, ndimawauza chinthu chimodzi: nyumba za ku Brighton anazimanga kuti anthu azizigomera akaima mumsewu. Ndiye gomani nazo ndithu, koma mukatero suzumirani pansi pa masitepe, kenaka mupeze kamsewu ka kuseri kwake. Amene ankaphika, kuchapa ndi kusenza malasha mudzawapeza kumeneko.

Valani nsapato zoyendera, osati za kutchalitchi. Tengani jekete ngakhale mu July, chifukwa mphepo ya panyanja ino sidziwa chilimwe. Mabasi amalandira khadi la kubanki, mumangoligunditsa pa makina polowa ndi potsika. Pafoni tsegulani mndandanda wa nyumba zotetezedwa wa bungwe la Historic England. Ndi waulere, uli ndi mapu, ndipo mukalemba dzina la msewu umakuuzani chaka chimene nyumba inamangidwa ndi mmisiri amene anaijambula. Nyumba zolembedwa Grade I ndiye zapamwamba kwambiri, Grade II ndi zochuluka.

Yambirani kumanda

Tsikani pang'ono ndi Queen's Road, mukhotere kumanja pa Church Street, mukwere mpaka pa tchalitchi cha St Nicholas. M'chigawo chakale cha tauniyi mulibe nyumba ina yakale kuposa iyi. Mu 1514 Afalansa anabwera ndi zombo n'kutentha mudzi wonse, umene pa nthawiyo unkatchedwa Brighthelmstone, koma tchalitchichi chinapulumuka chifukwa chinali patali paphiri. Ngati chitseko chili chotsegula, lowani mukaone mwala wobatizira wosemedwa m'zaka za m'ma 1100.

Ndimayambitsa anthu pano chifukwa cha manda. Pafupi ndi khomo pagona Nicholas Tettersell, mwini chombo cha malasha amene mu October 1651 anathawitsa Mfumu Charles II kuchokera ku Shoreham kupita ku France adani atayitsekereza. Mfumuyo itabwerera pampando inamupatsa mphotho, ndipo bamboyu anadzakhala mwini wa Old Ship, hotela imene idakalipo kugombe. Pagonanso Martha Gunn, amene anamwalira mu 1815. Ntchito yake inali yomiza anthu olemera m'nyanja. Munthu ankalowa m'kanyumba kamatabwa kamateyala, hatchi n'kukakokera m'madzi, ndiye Martha, ataima m'madzi ozizirawo mpaka m'chiuno, ankamugwira munthuyo n'kumuviika. Pali Phoebe Hessel, mayi amene anthu amati anavala ngati mwamuna n'kukamenya nkhondo, ndipo mwala wake umati anafa mu 1821 ali ndi zaka 108. Pali Sake Dean Mahomed wa ku Patna ku India, amene anatsegula nyumba yosambiramo nthunzi ndi kutikita minofu kugombe, mpaka kukhala wosamalira matupi a mafumu George IV ndi William IV.

Ndipo m'tchalitchi momwemu mu August 1862 munachitika ukwati wa Sarah Forbes Bonetta, mtsikana wa Chiyoruba amene anagwidwa pankhondo ali mwana, n'kutengedwa kupita ku England, komwe Mfumukazi Victoria inkamulipirira maphunziro. Anakwatiwa ndi James Davies, wamalonda wa ku Lagos. Asanakwatiwe ankakhala ku Clifton Hill, pamtunda pomwepa. Ngati muli ndi mphindi zingapo, dutsani ku Clifton Terrace, mzere wa nyumba zoyera za m'ma 1840 umene uli kuseri kwa manda. Alendo ambiri safikako.

Kwa asodzi

Tsikani ndi Dyke Road mpaka pa Clock Tower ya 1888, muwoloke North Street, mulowe m'dera lotchedwa The Lanes. Musalisokoneze ndi North Laine, yomwe ili kumpoto kwa North Street. Kumeneko kunali minda, ndipo misewu yake yowongoka inatsata malire a mindayo m'zaka za m'ma 1800. Kuli masitolo a zovala zakaunjika ndi khofi, mudzapitako tsiku lina.

The Lanes ndiwo mudzi weniweni wakale. Kuti muumvetse, uikeni m'mutu ngati bwalo la mbali zinayi: West Street, North Street, East Street, ndipo mbali yachinayi ndi nyanja. Kunali South Street, komanso nyumba za asodzi m'munsi mwa phompho, koma anamondwe a mu 1703 ndi 1705 anakokolola zonse. Mukaima pa King's Road lero n'kuyang'ana miyala ya kugombe, dziwani kuti mudzi wina uli pansi pamenepo.

Musanamizidwe ndi timisewu topapatiza n'kuganiza kuti nyumba zonse ndi za makedzana. Njira zake ndizo zakale, nyumba zambiri ndi za m'ma 1700 ndi 1800. Tsikani ndi Ship Street, mufunefune kumanzere kampata kotchedwa Black Lion Lane. N'kopapatiza moti anthu awiri sapambana popanda wina kutsamira khoma. Mukatulukira pa Black Lion Street pali malo omwera mowa a The Cricketers, ndipo kuchokera pamenepo Meeting House Lane ikulowetsani m'dera la masitolo a mphete ndi ndolo. Mawindo a masitolowo amakoka maso, koma inu kwezani mutu muyang'ane pamwamba pa zikwangwani. Mudzaona makoma a nsangalabwi zotola kugombe, zosanjidwa m'mizere, zina zopakidwa phula lakuda kuti mchere ndi mvula zisalowe, m'makona muli njerwa zogwirizira. Uku ndiko kumanga kwa anthu amene analibe ndalama zoitanitsira mwala kutali, ndipo kwa ine makoma amenewa ndi oona mtima kuposa ambiri amene muwaone masana.

Pa Middle Street pali sunagoge wa 1875, wooneka wamba kunja koma wokongola zedi m'kati. Amatsegula mwa apo ndi apo.

Mukatulukira kum'mawa mufika pa Old Steine, bwalo lalikulu limene lero ladzaza mabasi. Pano asodzi ankayanikapo maukonde ndi kukokerapo mabwato nyengo ikaipa. Chimene chinawachotsa ndi mankhwala. Mu 1750 Dr Richard Russell wa ku Lewes analemba kuti madzi a m'nyanja, osamba komanso akumwa, amachiza matenda a zotupa za m'thupi. Odwala olemera anachuluka mpaka mu 1753 iye anasamukira kuno n'kumanga nyumba chakumwera kwa bwaloli, pamene pambuyo pake panadzamangidwa Royal Albion Hotel, ija inapsa mu July 2023. Olemera atayamba kuyenda madzulo pa Steine kudzionetsa zovala, maukonde onunkha nsomba anayamba kusokoneza, ndipo bwalolo linatchingidwa ndi zitsulo. Chakumadzulo kwake kuli nyumba ziwiri zoyandikana zoti muziime patsogolo. Marlborough House anaikonzanso mu 1786 ndi mmisiri Robert Adam, ndipo ndi yodekha, yopanda matama. Steine House inamangidwa mu 1804 kuti azikhalamo Maria Fitzherbert, mayi wa Chikatolika amene kalonga George, yemwe anadzakhala Mfumu George IV, anamukwatira mobisa mu 1785, ukwati umene lamulo silinauvomereze. Lero ndi nyumba ya YMCA ndipo nkhope yake inasinthidwa kwambiri.

Royal Pavilion

Apa lipirani tikiti, musaumire. Anthu ambiri amangojambula kunja ali m'munda, womwe ndi waulere, n'kumapita. Koma chinsinsi cha tauni yonse chili m'katimu.

Kalonga George anafika ku Brighton koyamba mu 1783. Anachita lendi nyumba ya pafamu, mu 1787 Henry Holland anaikulitsa, ndipo kuyambira 1815 mpaka cha m'ma 1823 John Nash anaiveka madenga obulungira ndi nsanja zimene mukuzionazi. Kunja anatengera India, m'kati anatengera China, pamene mwini nyumbayo sanapondeko konse ku maiko awiriwo. Poyenda m'katimo, funsani chinthu chilichonse ngati chilidi chimene chikuoneka. Zogwirira za masitepe zikuoneka ngati nsungwi, koma ndi chitsulo chopentedwa. Mizati ya kukhitchini ikuoneka ngati migwalangwa, koma ndi chitsulo chokhala ndi masamba a mkuwa. Madenga aja aima pa mafupa achitsulo amene Nash anawakhazika pamwamba pa nyumba yakale ya Holland. M'chipinda chodyera muli nyale yolemera pafupifupi tani imodzi, yolendewera m'zikhadabo za chinjoka chasiliva. Monga wopenta ndimachita nsanje ndi manja amene anachita zimenezi. Ndi bodza, inde, koma lopangidwa ndi amisiri odziwa ntchito.

Khalitsani m'khitchini yaikulu. George ankainyadira moti ankabweretsamo alendo. Onani mmene nyama inkatembenuzidwira pamoto ndi makina oyendera mpweya wotentha wa m'chumuni, ndipo muganizire anthu amene ankaima pamoto umenewo kuti patebulo pafike mbale zosawerengeka. Nyumbayi ili ndi tinjira tobisika m'mbali kuti antchito aziyenda osaonedwa, komanso ngalande ya pansi pa nthaka yopita ku khola la mahatchi. Kholalo ndi lija lero likutchedwa Brighton Dome, mochitikira zoimbaimba. Mahatchi ankagona pabwino kuposa asodzi.

Mfumukazi Victoria sanaikonde nyumbayi. Njanji yochokera ku London itafika mu 1841, anthu wamba anachuluka ndipo ankamuunjirira akatuluka panja. Anasamutsa katundu, ndipo mu 1850 tauni inagula nyumbayo pamtengo wa £53,000. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1916, inasanduka chipatala cha asilikali a ku India ovulala ku France, chokhala ndi makhitchini osiyana malinga ndi chipembedzo. Chipata cha kumwera cha mundawu, cha 1921, ndi mphatso yothokoza yochokera ku India. Kumapiri a kumpoto kwa tauni kuli chikumbutso chotchedwa Chattri, pamalo pamene anawotcherapo mitembo ya asilikali 53 Achihindu ndi Achisikh.

Idyani nkhomaliro musanapitirire. Ngati mwagula nsomba ndi tchipisi zodyera panja, khalani chotsamira khoma. Mbalame za kunyanja za kuno zimatsomphola chakudya m'manja, ndipo zimabwera kuchokera kumbuyo.

Kum'mawa, ndi mmene mungawerengere khoma

Kuchokera pa Palace Pier ya 1899, mlatho wolowa m'nyanja, tsatani Marine Parade, msewu wa pamwamba. Mukayenda pang'ono mufika pa Royal Crescent, nyumba 14 zakuda zopindika ngati uta, zomangidwa pakati pa 1798 ndi 1807, zoyamba m'tauni muno kumangidwa dala moyang'ana nyanja. Yandikirani mpanda muyang'anitsitse. Zikuoneka ngati za njerwa zakuda zonyezimira, koma si njerwa. Ndi matailosi opyapyala okhomeredwa pa mafupa amatabwa, opangidwa mwanjira yoti akalumikizana azioneka ngati njerwa. Mudzawazindikira m'makona ndi m'mbali mwa mawindo, mmene mumakhala thabwa lobisa mapeto ake. Amene anamanga mzerewu ndi J. B. Otto, amene chuma chake chinachokera ku minda ya ku West Indies, ndiko kunena thukuta la akapolo. Anaimikanso patsogolo pake chifanizo cha kalonga kuti amukondweretse, koma mphepo yamchere inachidya mpaka anachichotsa. Ngati nkhani imeneyi ikukukhudzani, University College London ili ndi nkhokwe ya pa intaneti ya anthu amene analandira chipukuta misozi ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833, pamene boma linapereka £20 miliyoni kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo. Mukhoza kufufuza polemba dzina la tauni, ndipo Brighton ndi Hove zimatulukamo.

Tsopano nyumba zoyera zija. Pulasitala wake ali ndi mizere yolembedwa kuti azioneka ngati miyala ikuluikulu yosema. Pansi pake nthawi zambiri pali chimene amisiri a kuno amachitcha bungaroush. Ankaimika matabwa mbali ziwiri, n'kuthiramo laimu, kenaka n'kuponyamo chilichonse chimene chinali pafupi: nsangalabwi, zidutswa za njerwa, miyala ya m'minda, nthawi zina ngakhale matabwa. Zili ngati nyumba ya zidina imene mwini wake waipaka simenti ndi penti kumaso kuti odutsa aziti ndi ya njerwa zootcha. Khoma lotere likauma kwambiri limafumbutuka, likanyowa kwambiri limafewa. Ukaboola kuti ukhome shelefu, pena chitsulo chimangolowa ngati mu ufa, pena chimagunda mwala n'kuthyoka. Ndipo ukalipaka simenti yolimba kapena penti wosapuma, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, pakapita zaka chigamba chonse chimagwa. Limafuna laimu, basi. Kuti mulione ndi maso, fufuzani makoma a m'mbali ndi a kuseri, kapena mipanda ya minda, pamene eni ake sanavutike kupaka.

Mukaima patsogolo pa nyumba iliyonse ya mtundu uwu, iwerengeni kuchokera pansi. Pa msewu woyenda pansi pali chivundikiro chachitsulo chobulungira, kukula ngati mbale ya ndiwo. Pamenepo ankathirirapo malasha kugwera m'nkhokwe ya pansi pa msewu. Kenaka pali mpanda wachitsulo ndi masitepe opapatiza otsikira pansi: khomo la antchito ndi ogulitsa malonda, lolowera kukhitchini. Masitepe otakata okwera m'mwamba ndi a bwana, ndipo pambali pake pamakhala kachitsulo kopalira matope a kunsapato. Mawindo aatali kwambiri ali pa nsanjika yoyamba, pamene pali khonde lachitsulo, chifukwa m'menemo ndimo munali chipinda cholandiriramo alendo. Mukamakwera mawindo amafupika, mpaka timawindo ta pansi pa denga, mogona ana ndi atsikana antchito. M'misewu yotsikira kunyanja muona makoma otukuka ngati mimba. Anatero kuti munthu wochita lendi, ngakhale ali kutali ndi gombe, athe kusuzumira cham'mbali n'kuona madzi, eni nyumba n'kukweza mtengo.

Pitirizani mpaka ku Kemp Town, pafupifupi makilomita awiri kuchokera pa pier. Miyendo ikakana, basi nambala 12 imadutsa pa Marine Parade, ndipo m'miyezi yofunda m'munsi mwa gombe mumayenda kasitima ka Volk's, koyambira mu 1883, kakale kwambiri padziko lonse mwa sitima zamagetsi zimene zikuyendabe. Mukakwera kameneka mudzaonanso Madeira Terrace, mzere wautali wa mizati yachitsulo umene dzimbiri linaudya mpaka kutsekedwa.

Thomas Read Kemp anayamba kumanga dera lake mu 1823, amisiri ake Charles Busby ndi Amon Wilds. Imani pakamwa pa Lewes Crescent muone kutambalala kwake, kenaka mukwere mpaka ku Sussex Square. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti poyamba ankangomanga nkhope ndi chigoba, wogula n'kudzamalizitsa yekha m'kati. Ogula anachedwa, nyumba zambiri zinakhala zigoba kwa zaka, ndipo mbali yaikulu anadzaimaliza ndi Thomas Cubitt, yemwe ankakhala pa nambala 13 Lewes Crescent. Kemp mwini anamira m'ngongole, anathawira ku France mu 1837, n'kukafera ku Paris mu 1844. Munda wa pakati ndi wa okhalamo okha, uli ndi makiyi, ndipo uli ndi njira ya pansi pa msewu yotulukira kugombe. Musadumphe mpanda. Mmalo mwake zungulirani ku Arundel Place ndi Kemp Town Place, kumene kunali makola a mahatchi ndi mogona oyendetsa ngolo. Mukayang'ana kumbuyo kwa nyumba zazikulu zija kuchokera kumeneko, muona mapaipi, zigamba ndi timawindo tosalongosoka. Nyumba imodzimodziyo, nkhope ziwiri.

Kumadzulo

Bwererani pa basi mpaka pakati pa tauni, mutsate gombe kulowera kumadzulo. Gawo ili lidutseni mwachangu. Grand Hotel ndi ya 1864, ndipo ndi mmene munaphulika bomba la IRA, gulu lankhondo la ku Ireland, pa 12 October 1984, lofuna kupha nduna yaikulu ya nthawiyo Margaret Thatcher, n'kupha anthu asanu. Regency Square, yomangidwa kuyambira 1818, ili ndi makonde okongola a tizipewa tachitsulo, koma pansi pa udzu wake anakumbapo poimika magalimoto. Patsogolo pake m'madzi mwaima mafupa a West Pier ya 1866, imene inatsekedwa mu 1975 n'kupsa mu 2003. Patukirani pang'ono pa Oriental Place, muyang'ane pamwamba pa mizati ya pakhoma. Muona zokongoletsa zopiringizika ngati chigoba cha nkhono. Chimenecho ndi chizindikiro cha banja la Wilds, ndipo mukachidziwa mudzachipezanso ku Montpelier Crescent.

Mukadutsa chifanizo cha mngelo cha 1912, mwalowa mu Hove. Matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1997, koma anthu a ku Hove sachedwa kukukumbutsani kuti kwawo si ku Brighton. Nyumba yomaliza ya ku Brighton pamalirepo, Embassy Court ya 1935, ndi ya konkire yamizere yopingasa, ndipo anthu amakangana za iyo mpaka lero. Ine ndimaikonda chifukwa siinamizira kukhala mwala.

Brunswick Square ndi Brunswick Terrace, zoyambika mu 1824, ndi ntchito ya Busby, ndipo kwa ine kuno kumaposa Kemp Town chifukwa iye anajambula tauni yathunthu, osati nkhope zokha. Muona kuti nyumba zonse zili ndi mtundu umodzi wachikasu chotuwa. Si kugwirizana kwa eni ake ayi. Pali lamulo la 1976 lowakakamiza kupenta zaka zisanu zilizonse ndi mtundu womwewo, ndipo chaka chopenta chikafika bwalo lonse limadzaza zitsulo zokwerapo. Ife ndiye timadya bwino chaka chimenecho. Mukatha kugoma, lowani Brunswick Street West kapena Brunswick Street East, muone timanyumba tating'ono ta amisiri ndi makola akale. Pa Upper Market Street pali The Old Market, msika umene unamangidwira derali m'ma 1820, lero ndi nyumba ya zisudzo. Pa Waterloo Street pali tchalitchi cha St Andrew chojambulidwa ndi Charles Barry, yemwe pambuyo pake anajambula nyumba ya malamulo ku Westminster. Aliyense anali ndi msewu wa msinkhu wake, ndipo mukayenda kuchokera pabwalo kupita kuseri mumaona nyumba zikufupika.

Kulowa m'kati

Nyumba zambiri zimenezi anazigawa kukhala mafulati, ndipo anthu akukhalamo. Jambulani muli pamsewu, musakwere masitepe a eni ake, musaloze kamera pawindo. Zolowamo zilipo zina. Pa nambala 13 Brunswick Square pali Regency Town House, imene anthu odzipereka akuikonza pang'onopang'ono ndi zipangizo zakale, ndipo amasamaliranso chipinda cha pansi cha antchito pa nambala 10, chimene sichinasinthe kwenikweni. Satsegula tsiku lililonse, yambani mwaona masiku awo pa intaneti. Mu September kumakhala Heritage Open Days, pamene nyumba zina zotsekedwa zimatsegulidwa ulere. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi ya mwezi wa May, nthawi ya Artists Open Houses. Kumapeto a sabata anthu aluso amatsegula nyumba zawo kuti agulitse zojambula. Palibe amakukakamizani kugula. Mumalowa, mupereke moni, muone zithunzi, diso lina lili pa denga, pa masitepe ndi pa malo osonkhapo moto.

Ngati mwatsala ndi tsiku lachiwiri, kwerani basi nambala 5 kupita ku Preston Manor, nyumba ya banja la Stanford yomangidwanso mu 1738 ndi kukulitsidwa mu 1905. Muli mabelu oitanira antchito, khitchini yapansi, ndi manda a agalu m'munda. Onani kaye ngati yatsegulidwa nyengo imeneyo musananyamuke.

Ndipo kwa inu amene mukufuna malo okhala, chifukwa ambiri amene ndimawayendetsa amathera pofunsa za lendi: fulati yotsikirako mtengo m'mabwalo amenewa kawirikawiri imakhala ya pansi ija, khitchini yakale. Musanasaine, sunthani kabati muone khoma kuseri kwake, gwirani pulasitala cha m'munsi ngati akuzizira monyowa, nunkhizani m'nkhokwe ya malasha, ndipo funsani ngati mawindo amatseguka. Penti wonyezimira pakhoma limodzi lokha akhale chenjezo kwa inu. Mukalowamo, musasinthe windo, chitseko kapena kugumula chilichonse popanda chilolezo cha khonsolo, chifukwa m'nyumba yotetezedwa kutero ndi mlandu, ndipo shelefu gulani yoima pansi.